Kukhoma Choimikira Zithunzi ndi Zida za Manja ku Mzuzu: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu amene anaonapo choimikira zithunzi chimene ndinakhoma kuseri kwa nyumba kuno ku Mzuzu. Ambiri mwa ofunsawo ndi achinyamata ojambula, aphunzitsi a sukulu za mkaka ndiponso anzanga amene, monga ine, amagwira ntchito ya matabwa pa Loweruka pongofuna kusangalala. Sindine kalipentala wodyera ntchitoyi, choncho ndalemba zimene munthu wokhala ndi benchi limodzi ndi zida zochepa angathe kuchita yekha.

Kodi choimikira zithunzi n'chiyani kwenikweni?

Ndi chipangizo chamatabwa chimene wojambula amakhazikapo nsalu kapena bolodi lake kuti azijambula ataimirira, chithunzicho chikuyang'anana ndi nkhope yake. Ojambula ambiri amangochitchula kuti easel. Chimafanana ndi sitandi ya bolodi yakuda imene ena a ife tinaphunzirirapo pansi pa mtengo, koma chimasiyana nayo pa zinthu ziwiri. Choyamba, shelufu imene chithunzi chimakhalapo imakwera ndi kutsika. Chachiwiri, pamwamba pali chopanira chimene chimagwira chithunzi kuti chisamasunthe burashi ikamakankha.

Pali mitundu ingapo. Woyamba kumene ayambe ndi uti?

Ayambe ndi cha miyendo itatu, chimene kutsogolo kwake kumaoneka ngati chilembo cha A. Miyendo iwiri imakhala kutsogolo, wachitatu umakhala kumbuyo pa hinjesi, ndipo ntchito ikatha chonsecho chimapindika n'kutsamiritsidwa kukhoma. Mtundu wina umaoneka ngati chilembo cha H ndipo umaima pa tsinde la ngodya zinayi. Umenewu umanyamula zithunzi zikuluzikulu ndipo sugwedera, koma umadya matabwa ambiri, majoini ake ndi ochuluka, komanso umafuna chipinda chakechake, chimene ambiri okhala m'nyumba za lendi ku Chibavi kapena ku Zolozolo alibe. Palinso ting'onoting'ono toika patebulo. Mayankho onse otsatirawa akunena za cha miyendo itatu, ngakhale kuti zokhudza matabwa, guluu ndi vanishi n'zimodzimodzi pa mitundu yonse.

Kodi n'zothekadi kuchikhoma popanda makina amagetsi?

N'zotheka, ndipo mipando yambiri imene ili m'matchalitchi akale a kuno kumpoto inakhomedwa ndi sowo, puleni ndi tchizulo basi. Choimikira chili ndi majoini anayi okha ofunika kusamala, ndipo palibe thabwa lalikulu lofunika kupala. Ubwino wina ndi woti magetsi akathima ntchito siima. Chinthu chimodzi chokha ndimalangiza kuti muchite kwa eni makina ngati msana wanu suli bwino, ndicho kung'amba thabwa lokhuthala m'litali mwake, chifukwa kucheka mamita awiri a thabwa la mainchi awiri ndi dzanja kumatha mphamvu zimene mukanasungira majoini.

Ndi zida ziti zimene sindingachite popanda izo?

Mufunika sowo yodulira, puleni, tchizulo cha mamilimita 19 kapena 25, nyundo yamtengo yomenyera tchizulocho, sikweya, tepi yoyezera, geji yolembera mizere yotsata m'mbali mwa thabwa, choboolera cha manja chokhala ndi mano a mamilimita 3 ndi 8, sikuludiraiva, mpeni wakuthwa ndi mwala wonolera. Sowo yaing'ono ya mano osalala, ya msana wachitsulo, imathandiza kwambiri pa majoini, koma amene alibe angathe kugwiritsa ntchito sowo yaikulu yomweyo modekha.

Mwa zida zonsezi, chimene anthu amachipeputsa ndi mwala wonolera. Paini ndi mtengo wofewa, ndipo ambiri amaganiza kuti mtengo wofewa sufuna mpeni wakuthwa, pamene zoona zake n'zakuti tchizulo chobuntha chimaphwanya paini m'malo momudula, n'kusiya joini yokumbikakumbika. Mpeni wa puleni ndi wa tchizulo amanoledwa pa ngodya ya madigiri pafupifupi 25, ndipo kunsonga kwenikweni amamalizira pa 30. Kumbuyo kwa mpeniko kuzikhala kosalala, kosanoledwa mopendeka. Sikweya nayonso muiyese musanaikhulupirire: lembani mzere pa thabwa la m'mbali mowongoka, tembenuzani sikweyayo, lembaninso mzere pomwepo, ndipo ngati mizere iwiriyo yasiyana, sikweyayo ndi yabodza. Zotsika mtengo zambiri zimalephera mayeso amenewa zikadali zatsopano.

Mtengo woyenera ndi uti kuno ku Mzuzu?

Paini. Ndi wopepuka, amapalika mosavuta, amagwira guluu bwino, ndipo sitivutika kumupeza chifukwa nkhalango ya Viphya, imene tonse timaitchula kuti Chikangawa, ili pafupi nafe pamsewu wa M1 wopita ku Mzimba. Nkhalango imeneyi, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inadzalidwa kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1960 ndi cholinga chodyetsa fakitale ya zopangira mapepala imene sinamangidwe, ndipo mtengo wochuluka m'menemo ndi paini wa mtundu wa Pinus patula. Mitengo yambiri yokhwima ija inadulidwa kapena kupsa ndi moto wolusa, moti matabwa ambiri amene akufika pamsika masiku ano ndi a mitengo yaing'ono. Zimenezi zimakhudza kwambiri ntchito yathu, monga ndafotokozera pa funso la kasankhidwe ka thabwa.

Bulugamu ndi wolimba koma ndi wolemera, amakonda kung'aluka kunsonga ndi kupotoka pouma, ndipo amabunthitsa puleni msanga. Malaina ndi mtengo wabwino kwa amene waupeza wouma, chifukwa ukauma susuntha kwenikweni, koma umachedwa kuuma.

Nanga mlombwa kapena mbawa, si ndiye yokongola?

Kukongola kwake palibe angatsutse, ndipo mlombwa ndi umodzi mwa mitengo yosapindika ikauma. Koma mitengo yachilengedwe imeneyi yatha m'madera ambiri, ndipo kudula ndi kugulitsa kwake kumayang'aniridwa ndi lamulo la za nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020. Wogula thabwa lotere afunse za chilolezo cha wogulitsayo. Njira imene ine ndimaikonda ndi yogula chitseko chakale kapena bedi lothyoka la mlombwa n'kuchekamo tizidutswa ta shelufu ndi chopanira, miyendo n'kukhala ya paini. Thabwa lotero linauma kalekale. Chofunika n'kufufuza misomali yobisika musanaikepo puleni.

Posankha thabwa pamsika ndiyang'ane chiyani?

Apa m'pamene choimikira chimakhalira bwino kapena kuonongeka, ntchito isanayambe n'komwe. Tebulo lili ndi matabwa aafupi ogwirana mbali zonse, ndipo thabwa limodzi likafuna kupindika anzake amaliletsa. Mwendo wa choimikira ndi kamtengo kowonda kotalika pafupifupi ngati munthu, kogwidwa malo awiri okha, choncho ukafuna kukhota palibe choutsekereza.

Mukapita kumalo ogulitsira matabwa monga ku Zigwagwa, musachite manyazi kupempha kuti akutsitsireni angapo pamulu. Nyamulani nsonga imodzi, tsinzinani diso limodzi, yang'anani m'litali mwake. Thabwa lokhota pang'ono ngati uta lingathe kuwongoka ndi puleni likadulidwa, koma lopotoka ngati chingwe lisiyeni. Kenaka yang'anani kunsonga kumene linadulidwa. Ngati mukuona kadontho ka pakati pa mtengo ndi mizere yozungulira ngati ya anyezi, thabwalo lachokera pamtima pa mtengo waung'ono, ndipo lotero limapotoka pouma ngakhale mutalisamala bwanji. Labwino ndi limene mizere yake ili yothithikana komanso yosazungulira kwambiri. Mfundo zing'onozing'ono zolimba sizivuta, koma mfundo yaikulu yakuda, makamaka ya m'mphepete, ndi pamene mwendo udzathyokere. Pewaninso malo amene pakutuluka utomoni, chifukwa guluu ndi vanishi sizigwirapo. Madontho obiriwira amene amaoneka pa paini amene anaunjikidwa wamuwisi amaipitsa maonekedwe okha, mphamvu ya thabwa saichotsa kwenikweni.

Wogulitsa wanena kuti thabwa ndi louma. Ndiyambe ntchito?

Ayi, dikirani kaye. Choimikira changa choyamba ndinachikhoma ndi matabwa amene wogulitsa wina analumbira kuti anauma, ndipo pogwira ndi dzanja analidi ouma kunja. Patatha milungu itatu, mwendo wakumanzere unapotoka mpaka joini yapansi inatseguka, ndipo shelufu inakana kutsika. Mwina munthuyo sananame dala, poti kwa womanga denga thabwa lotero ndi louma mokwanira.

Paini wongochekedwa kumene amakhala ndi madzi ochuluka moti nthawi zina theka la kulemera kwake ndi madzi okhaokha. Thabwa loyenera ntchito ya m'nyumba limafunika kutsala ndi chinyezi cha pakati pa 12 ndi 15 pa 100 alionse. Pouma, thabwa limachepa m'lifupi ndi m'kukhuthala koma m'litali silisintha kwenikweni, ndipo kusalingana kumeneku n'kumene kumalikhotetsa. Vuto la kuno kwathu ndi nyengo. Mzuzu ali pamtunda, mvula imakhalitsa mpaka mu Epulo kapena Meyi, ndipo mu Juni ndi Julayi nkhungu ndi mvula yowaza sizisowa, choncho thabwa limene ku Karonga kapena ku Salima likanauma msanga kuno limachedwa. Nthawi yabwino yogula ndi kuumitsa ndi kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala.

Dulani matabwawo kutalika kwa mamita 1.8, aikeni pamalo a mthunzi opita mphepo, osati padzuwa, ndipo akhale pamwamba, osagunda simenti. Asanjikeni m'mizere, ndipo pakati pa mzere uliwonse ikani timitengo touma totalikirana masentimita 40 kapena 50, tolunjikana kuchokera pansi mpaka pamwamba, kenaka sanjikizani njerwa pamwamba pake. Kuti mudziwe ngati auma, sankhani chidutswa chimodzi, muzichiyeza pasikelo mlungu uliwonse n'kulemba kulemera kwake pa thabwa lomwelo. Nambala ikasiya kutsika kwa milungu iwiri yotsatizana, alowetseni m'chipinda chimene choimikiracho chidzakhale, akhalemo mlungu wina umodzi. M'chilimwe matabwa owonda otere amatha kuuma m'miyezi iwiri, koma m'dzinja amatenga nthawi yotalikirapo.

Miyeso yake ndi yotani, ndipo ndigule matabwa angati?

Miyeso iyi ndi ya munthu wamkulu wojambula ataimirira, ndipo ndi ya thabwa lopalidwa kale. Miyendo iwiri yakutsogolo italike mamilimita 1750, ndipo ikhale ya 45 m'lifupi ndi 35 m'kukhuthala. Mwendo wakumbuyo ukhale wa kukula komweko koma wa 1700. Mitanda yolumikiza miyendo ndi iwiri: wapamwamba wa 65 ndi 35, chifukwa ndi umene umanyamula hinjesi, ndi wapansi wa 45 ndi 35, umene umakhala mamilimita 450 kuchokera pansi. Kutalika kwa mitandayi musakuyeze ndi tepi, mudzakutenga pa chojambula cha pansi chimene chili pa funso lotsatira. Msana, umene ndi thabwa loimirira pakati, utalike 1500, m'lifupi 70, kukhuthala 20. Shelufu italike 600, ndipo chopanira chapamwamba 200.

Matabwa a kuno nthawi zambiri amagulitsidwa otalika mafiti 18, amene ndi mamita pafupifupi 5.5. Mukagula awiri a 2 by 2 mudzapeza zidutswa zisanu ndi chimodzi, ndipo zitatu zowongoka kwambiri zikhale miyendo. Onjezerani kachidutswa ka 2 by 3 ndi theka la thabwa la 1 by 6. Zachitsulo ndi hinjesi imodzi, mabawuti awiri a mamilimita 8 okhala ndi manati a makutu awiri omangira ndi zala, mawashala aakulu, masikuluu a mamilimita 30 ndi tcheni kapena chingwe cha mita imodzi. Chikatha, choimikira cha paini chimalemera makilogalamu 6 kapena 7.

Miyendo yake ndi yotasula. Ngodya yake ndiipeza bwanji popanda masamu?

Sesani pasimenti n'kujambula choimikira chonse ndi choko, kukula kwake kwenikweni. Lembani mzere wowongoka wa pakati, kenaka mzere wopingasa wa pansi. Kuti mizere iwiriyi ikumane molunjika, yezani masentimita 60 pa mzere umodzi ndi 80 pa winawo, ndipo pakati pa madontho awiriwo payenera kukhala 100 ndendende. Pansi, miyendo italikirane masentimita 70 kuyeza kunja ndi kunja, kutanthauza 35 mbali iliyonse ya mzere wa pakati, ndipo pamwamba italikirane 20. Mwendo uliwonse umakhala utapendeka madigiri pafupifupi 8, koma nambala imeneyi simudzaifuna. Gonekani miyendo yeniyeniyo pa chojambulacho, sanjikizani mitanda pamwamba pake pamalo ake, ndipo lembani ndi mpeni pamene thabwa lina lapingasa linzake. Chizindikiro chotengedwa pa thabwa lenileni sichinama, pamene tepi imatha kukusokonezani ndi milimita imodzi apa, ina apo. Lembani manambala pa joini iliyonse, chifukwa miyendo iwiriyo imafanana kwambiri ikachoka pansi.

Ndipale bwanji thabwa lalitali kuti liwongoke?

Yambani ndi nkhope imodzi, ipaleni mpaka iwongoke, n'kuilemba chizindikiro. Kuti muone ngati yapotoka, ikani timitengo tiwiri towongoka mopingasa, kena kunsonga iyi kena kunsonga inayo, ndipo muwerame n'kuyang'ana ngati tikulingana. Kenaka palani mbali imodzi kuti ikhale pa sikweya ndi nkhope ija. Miyeso yonse yotsala, ya m'lifupi ndi ya kukhuthala, ilembedwe ndi geji kuchokera pa mbali ziwiri zimenezi basi. Puleni ikayamba kuzula m'malo mopala, tembenuzani thabwa mupale kuchokera kunsonga inayo, ndipo pafupi ndi mfundo chepetsani mpeni kuti uzidya pang'ono kwambiri. Ndi bwino kupala pang'ono mbali zonse tsiku loyamba, kusiya matabwawo agone masiku awiri, n'kudzamaliza pambuyo pake, chifukwa thabwa likachotsedwa khungu limakonda kusunthanso.

Ndi joini iti yoyenera polumikiza miyendo ndi mitanda?

Kwa woyamba, joini yodula theka ndi theka ndiyo yabwino. Pa mwendo mumachotsa theka la kukhuthala kwake, pa mtanda theka linanso, ndipo awiriwo akalowana amakhala osalala pamodzi. Geji muiike kamodzi kokha pa theka la 35 ndipo mizere yonse muilembe kuchokera kunkhope yakutsogolo ya matabwa onse, kuti ngakhale gejiyo italakwa pang'ono, nkhopezo zidzalinganabe. Chekani m'kati mwa mzere wa mpeni, kumbali ya chimene chikutayidwa, kenaka chekaninso kangapo pakati pake kuti tchizulo chisavutike. Posema, yambirani mbali iyi mpaka pakati, ndiyeno mbali inayo mpaka pakati, apo ayi paini amang'ambika potulukira. Joini yabwino imalowa ndi kukankha kwa dzanja kapena kugogoda pang'ono. Imene yafuna kumenyedwa mwamphamvu idzang'alula mwendo.

Amene anazolowera kale angathe kugwiritsa ntchito motisi ndi tenoni, joini yolowetsa lilime la thabwa lina m'bowo losemedwa pa linzake, lilimelo likhale gawo limodzi mwa magawo atatu a kukhuthala kwa thabwa. Ndi joini yooneka bwino, koma mapewa ake opendeka amavuta, ndipo pa choimikira chopepuka chotere kulimba kowonjezerako simudzakuona. Chimene sindivomereza n'kungogundanitsa matabwa n'kukhoma misomali, chifukwa choimikira chimapindidwa ndi kunyamulidwa kawirikawiri, ndipo misomali imakhwefuka miyezi ingapo isanathe.

Mpata wautali wa pamsana, woyendamo bawuti, ndiuboola bwanji ndi manja?

Musauboole. Kusema mpata wa mita imodzi ndi tchizulo kuti ukhale wowongoka n'kudzizunza. M'malo mwake chekani timatabwa tiwiri ta mamilimita 30 m'lifupi, titalike 1500, ndipo pakati pake mumate tizidutswa ta mamilimita 10 pamalo atatu: pamene msana ukumana ndi mtanda wapansi, pamene ukumana ndi wapamwamba, ndi kunsonga kwenikweni. Mukatero mwapeza msana wa 70 wokhala ndi mpata wosalala mkati, chifukwa mbali zake munazipala musanamate. Msanawo umamangidwa ndi masikuluu kutsogolo kwa mitanda, podutsa pa tizidutswa tija, motsata mzere wa pakati wa chojambula chanu. Pamenepa guluu musaikepo, kuti msana ukadzakhota mudzathe kuusintha wokha.

Shelufu ndi chopanira zimapangidwa bwanji?

Shelufu ndi matabwa awiri omatidwa ngati chilembo cha L, lina loimirira lotsamira msana, lina logona lokhalapo chithunzi, ndipo kutsogolo kwa logonalo mumamata kamlomo ka mamilimita 10 kuti chithunzi chisatsetsereke. Bawuti imalowa pa thabwa loimiriralo, n'kudutsa mumpata wa msana, ndipo kumbuyo imakumana ndi washala wamkulu ndi nati ya makutu. Washala waung'ono amadya paini ndipo posakhalitsa msana umadzaza maenje. Popeza bawuti ndi imodzi, shelufu imafuna kupendama mukaika chithunzi cholemera mbali imodzi. Mankhwala ake ndi kumata timitengo tiwiri kumbuyo kwa shelufuyo, tokumbatira msana uku ndi uku, mosiya kampata kokwana kapepala ka katoni yopyapyala kuti m'dzinja thabwa likafufuma shelufu isamakanirire. Kupaka kandulo m'mbali mwa msana kumathandiza kuti iziyenda mofewa. Chopanira chimapangidwa chimodzimodzi koma chaching'ono, mlomo wake utayang'ana pansi.

Ndilibe makalampa, zida zopanira matabwa pomata. Ndimata bwanji, ndipo guluu wake ndi uti?

Guluu woyera wa matabwa amene amapezeka m'mahadiweya ndi wokwanira. Pakani mbali zonse ziwiri mopyapyala, lumikizani, ndipo mumange ndi masikuluu awiri kuchokera kumbuyo mutaboola kaye timabowo ta mamilimita 3, chifukwa sikuluu yolowa yokha pafupi ndi nsonga imang'alula thabwa. Masikuluuwo ndi amene amagwira ntchito ya kalampa. Pomata msana ndi shelufu, malegeni odulidwa ku chubu chakale cha galimoto amapana mwamphamvu kuposa mmene ambiri amaganizira, bola muzikulunga mokoka. Felemu yonse imatidwe itagona pa chojambula cha pasimenti chija, ndipo guluu asanagwire yezani mopingasa kuchokera kuphazi lakumanzere kufika kunsonga yakumanja, ndi kuchokera kuphazi lakumanja kufika kunsonga yakumanzere. Miyeso iwiriyo ifanane.

Guluu ameneyu sagwira bwino kukazizira kufika pansi pa madigiri 10, ndipo usiku wa mu Juni ndi Julayi kuno kumazizira kufika pamenepo. M'miyezi imeneyi matani cha m'ma 10 koloko m'mawa, ntchitoyo igone m'nyumba osati pakhonde, ndipo musaikhudze mpaka tsiku lathunthu litadutsa. Guluu wotuluka m'mbali mupukuteni ndi kansalu konyowa asanaume, chifukwa vanishi sagwira pamene pali guluu ndipo pamatsala banga loyera.

Mwendo wakumbuyo umalumikizidwa bwanji?

Umalumikizidwa ndi hinjesi kumbuyo kwa mtanda wapamwamba, pakati penipeni. Hinjesi yaitali, ngati ya pageti laling'ono, imaposa yaifupi ya pawindo chifukwa masikuluu ake amatalikirana m'litali mwa mwendo. Pogula, igwedezeni m'manja ndipo musankhe yothina, poti kugwedera kochepa pa hinjesi kumasanduka kwakukulu kuphazi. Tcheni kapena chingwe chimangidwe kuchokera pa mtanda wapansi kufika pa mwendowo, kuti phazi lakumbuyo lisapitirire masentimita 70 kuchokera pa mzere wa mapazi akutsogolo. Popanda chimenechi, pasimenti yopakidwa polishi mwendo umatsetsereka ndipo chithunzi chimagwa chagada.

Ndamaliza koma chikugwedera. Chalakwika n'chiyani?

Chinthu cha miyendo itatu sichigwedera chifukwa cha pansi posalingana, monga amachitira mpando wa miyendo inayi, ndipo n'chifukwa chake mafuwa amakhala atatu. Choncho vuto lili pa choimikira chenichenicho. Gwirani felemu yakutsogolo n'kuikankha cham'mbali. Ngati majoini akusuntha, ndiye kuti anali okhwefuka, ndipo kachidutswa ka pulayiwudi ka ngodya zitatu komatidwa kumbuyo kwa joini iliyonse yapansi kamathetsa vutolo. Ngati felemu ili nji koma mwendo wakumbuyo ukuvina, onani zimene zanenedwa za hinjesi. Ngati chonse chapendekera mbali imodzi, mwendo wina watalika. Chiimikeni pamalo osalala, ikani tizipepala pansi pa mwendo waufupi mpaka msana uime chilili, kenaka gonekani pensulo pa kathabwa kopyapyala n'kuzunguliza mapazi onse atatu. Mukadula motsata mizere imeneyo, mapaziwo amakhala pansi mokwanira komanso pa ngodya yake.

Ndipake vanishi, penti kapena mafuta?

Yambani mwakwecha ndi sandipepa wa 120, mumalize ndi wa 180, motsata mizere ya thabwa, ndipo ngodya zonse zakuthwa muzifafanize pang'ono. Vanishi wopakidwa kawiri kapena katatu mopyapyala amateteza ku chinyezi cha kuno kuposa mafuta, ndipo utoto ukadonthera umapukutika. Pakani mbali zonse, kuphatikizapo kumbuyo ndi kunsi kwa mapazi, chifukwa thabwa lopakidwa mbali imodzi limamwa chinyezi mosalingana n'kukhota. Mkati mwa mpata ndi m'mbali mwa msana pakani kamodzi kokha kuti shelufu isamamatirire. Tsiku la nkhungu musapake, vanishi amachita mbuu ndipo amachedwa kuuma. Amene asankha mafuta a linseed asaunjike nsanza zopakira pamodzi, chifukwa zimatha kutentha n'kuyaka zokha. Aziyanike chotambasula panja kapena aziviike m'madzi. Penti wonyezimira wa mtundu wowala ojambula ambiri samufuna, poti amasokoneza maso posakaniza mitundu.

Nanga chiswe?

Paini alibe chitetezo chake ku chiswe, koma choimikira chimene chimasunthidwa kawirikawiri sichigwidwa. Chimene chimadyedwa ndi chimene chaiwalika pakona ya nyumba yozira kwa dzinja lonse. Chikolekeni pakhoma kapena muchiike pa njerwa zootcha ngati simuchigwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali. Oyilo wakutha wa galimoto, amene ena amapaka pa mitengo ya denga, pano sayenera, chifukwa amanunkha ndipo amadetsa nsalu yojambulapo.

Zimatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo ndalama zake n'zochuluka?

Kupatula miyezi youmitsa, woyamba kumene ayembekezere Loweruka atatu kapena anayi: loyamba kupala, lachiwiri kujambula pansi ndi kudula majoini, lachitatu msana ndi shelufu, ndipo vanishi amatenga madzulo angapo. Mitengo ya zinthu imasinthasintha, makamaka kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023, choncho n'kwanzeru kuwerengera m'matabwa osati m'makwacha. Chodabwitsa ambiri n'chakuti hinjesi, mabawuti, guluu ndi vanishi, zimene zambiri zimachokera kunja, zikaphatikizidwa zimatha kudula kuposa matabwa onse. Wofuna kuphunzira ntchitoyi mozama, osati pa Loweruka pokha, angafunse za maphunziro a ukalipentala ku Mzuzu Technical College kapena ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito za manja.

Kodi choimikira chomwechi chingagwire ntchito ya bolodi ya ana, kapena ya utoto wa madzi?

Pa bolodi ya ana chimagwira bwino mukafupikitsa miyendo kufika mamilimita 1200 ndi kusiya mapazi otalikirana monga poyamba, kuti mwana akatsamira chisagwe. Bolodiyo ingakhale pulayiwudi ya mamilimita 9 yopakidwa penti wa bolodi, ndipo imangidwe ndi masikuluu pa miyendo m'malo modalira chopanira. Tcheni chikhale chachifupi komanso chomangidwa ndi sikuluu, osati chongokoleka, ndipo pakati pa mwendo wakumbuyo ndi msana muikepo kachidutswa koletsa kuti zisatsekane n'kupana zala.

Pa utoto wa madzi n'chosayenera. Utoto umenewu umayenderera, ndipo pepala lake limafuna kugona kapena kupendeka pang'ono chabe, pamene choimikira cha miyendo itatu chimaima chotsamira kumbuyo madigiri 10 kapena 12 okha. Ojambula ndi choko cha mitundu kapena makala amafuna zosiyana ndi zimenezo, kuti nsonga ya chithunzi iweramire kutsogolo ndipo fumbi lizigwa pansi osadetsa ntchito. Kuti zimenezo zitheke pa choimikira chathu, ikani kachidutswa ka thabwa ka masentimita 5 kapena kuposerapo kumbuyo kwa chithunzi cha kumtunda, ndipo chopanira chikhale ndi mlomo wotalikirapo woti ufikire pamene chithunzicho chasunthira.